Nsapato Zimene Bambo Anasoka

1. Ana awiri a wosoka nsapato

Pa khonde la sitolo yogulitsa zitsulo, pafupi ndi pamene mabasi amaima, panali kabenchi kamene kanada ndi polishi. Pamenepo ndiye panali pa ntchito pa bambo wina wosoka nsapato. Anthu ankabwera ndi nsapato zoyasamula, iye n'kuzitseka pakamwa, eni ake n'kumachoka akuyenda monyada ngati agula zatsopano.

Bamboyo anali ndi ana aakazi awiri. Woyamba ankangomuitana kuti Chisamba, wachiwiri Mzime, ndipo mayina a kusukulu ankathera pa geti la sukulu pomwepo. Chisamba anali wa ku sekondale. Mzime anali akadali wamng'ono, ndipo sankamva. Anadwala malungo aakulu ali wakhanda, malungowo n'kupita ndi makutu ake.

M'nyumba monsemo, Chisamba yekha ndi amene ankadziwa kulankhula ndi manja. Amayi ankadziwa pang'ono chabe: idya, samba, bwera, usatero. Bambo sankadziwa kanthu. Akafuna kuuza Mzime mawu, ankayang'ana Chisamba n'kunena kuti, "Umuuze." Mzime akayankha, manja ali piringupiringu, Bambo ankayang'ananso Chisamba yemweyo. Choncho mawu onse a pakati pa bambo ndi mwana wake ankadutsa mwa mtsikana mmodzi, monga anthu amadutsira pa kamlatho.

Sikuti Bambo ankamuda mwanayo. Ankangosowa pomugwira. Alendo akabwera ankamutumiza kuseri kwa nyumba, osati chifukwa cha nkhanza, koma kuopa kuti wina angamuseke iwo akuona.

2. Holo ya matabwa

Kuseri kwa chipatala kunali holo yakale yokhala ndi nsanja ya matabwa. Kumeneko kunayamba gulu la ana ovina, oimba ndi ojambula. Lamulo lake linali limodzi: mwana aliyense alowe, woyenda pa njinga ya olumala, wosaona, wosamva, ngakhale amene vuto lake ndi ulesi basi.

Wotsogolera gululo anali mayi woyenda ndi ndodo ziwiri, amene mwendo wake unapuwala ali mwana. Ana ankamuitana kuti Aphunzitsi. Ankaimba ng'oma atakhala pa mpando, koma ikalira munthu ankaiwala zoti ndodo zatsamira pakhoma.

Poyamba anthu ankadutsa pa holoyo akupukusa mitu, akunena kuti ana oterewa malo awo ndi kunyumba. Koma ng'oma inkamveka mpaka kumsika, ndipo pang'ono ndi pang'ono opukusa mitu aja anayamba kusuzumira pa mawindo.

Chisamba ndi amene anayamba kulowa m'gululo. Tsiku lina anatenga Mzime kuti akamudikire. Mwanayo anakhala m'mphepete mwa nsanja, mapatapata atavula, mapazi ali pa thabwa. Ng'oma itayamba, zala za kumapazi kwake zinayamba kugunda, osaphonya ngakhale kamodzi.

Aphunzitsi anaona. Anachotsa kansalu kamene kankakhala pansi pa ng'oma yaikulu, n'kuikhazika pa matabwa penipeni. Kuyambira tsiku limenelo Mzime anakhala wovina, ndipo posapita nthawi anaposa mkulu wake, zimene Chisamba ankazivomera pakamwa pokha.

Panali gule wina amene gululo linkamukonda. Ng'oma inkathamanga, kenako Aphunzitsi n'kuidula mwadzidzidzi pamene afunira, ovina onse n'kuima nji ngati mitengo. Amakutu awo ankachedwa, wina mwendo uli m'mwamba, wina akupepesuka. Mzime ndi amene ankayamba kuima nthawi zonse. Motero Aphunzitsi anamuika patsogolo pa onse, anzake kumbuyo kwake.

Madzulo ena ana akubalalika, Aphunzitsi anaitana Chisamba n'kumukhazika pafupi.

"Khala apa undimvere," anatero. "Mng'ono wakoyu sikuti akuonera anzake n'kumatsanzira, ayi. Iyeyu ng'oma akuimva. Ikuchoka pa chikopa, ikulowa m'matabwa, ikukwera kumapazi kwake. Ndiye ndikukutsina khutu lero: pakati pa phazi lake ndi thabwa pasadzalowe kanthu. Kaya ndi kapeti, kaya ndi nsapato yokongola bwanji. Ukamuveka nsapato pa nsanja, wamutseka makutu kachiwiri.

"China ndi ichi, mwana wanga. Iwe ndiwe pakamwa pake, ndipo ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa mmene ukuganizira. Tsiku lina adzanena mawu amene iwe sudzafuna kuti amveke, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa cha chisoni. Udzawanene momwemo. Ine ndili mwana, anthu ankandiyankhira. Mlendo akafunsa ngati ndikufuna kupita kusukulu, wina ankafulumira kunena kuti, 'Uyu sangathe, mwendo umamuwawa,' ine ndili pomwepo, pakamwa ndili napo. Onsewo ankandikonda, ndipo chikondi chawocho chinandikhazika pakhomo zaka zambiri. Usadzamukonde mng'ono wako mwa njira imeneyo."

Chisamba anavomera ndi mutu. Kuvomera mawu a akulu n'kosavuta tsiku lawo lisanafike.

3. Azakhali abwera ndi chikwama

Gululo linakonza chionetsero choti makolo ndi anthu onse a m'dera adzaonere. Sabata yomweyo kunyumba kunafika Azakhali, mlongo wawo wa Bambo, kuchokera ku tauni ina yakutali. Anabwera ndi chikwama chachikulu chimene chinali chosadzaza, ndipo Amayi atachiona nkhope yawo inagwa.

Atadya, Azakhali anapukuta m'manja n'kuyamba nkhani imene anabwerera. Mzime anali pomwepo, akuyang'ana milomo ya akuluakulu ikuyenda.

"Achimwene, ine ndilankhula poti magazi ndi amodzi," anatero Azakhali. "Dziko ili si lachifundo. Mwana ngati uyu mukamuimika pamaso pa anthu, mwamupereka kwa oseka. Lero akumuombera m'manja chifukwa ndi zachilendo, mawa adzamutsanzira m'misewu. Inu mudzakhala pa benchi panu paja, anyamata akudutsa akuvina mokhota, akuti ndi mmene amavinira mwana wanu. Mudzapirira? Nanga akadzakula, guleyo adzamudyetsa? Mundipatse ine. Kwanga akaphunzira kuphika, kuchapa ndi kulera ana, ntchito zosafuna makutu. Kumeneko palibe amene akamuseke, poti palibe amene akamuone.

"Ndamvanso kuti amavina wopanda nsapato, anzake onse atavala. Mwana wa munthu wosoka nsapato. Mukudziwa zimene anthu akunena? Akuti bamboyo amasokera dziko lonse, koma wosamvayo anamusiya aziyenda chapansi."

Zoti kwawo kunali ana aang'ono atatu opanda wowalera, Azakhali sanazitchule.

Amayi anayesa kunena kuti mwanayo wasintha chiyambire kupita ku holo, kuti masiku ano amaseka ndipo amadzuka yekha m'mawa. Azakhali anawadula mawu. Bambo anayang'anitsitsa mapazi a Mzime, amene anali ndi fumbi ndi ming'alu m'zidendene.

Potsiriza anagamula. Anati apita okha kukaonera chionetserocho. Mzime akavina bwino pamodzi ndi anzake, akhala pakhomo ndipo apitiriza. Koma anthu akamuseka, apita ndi azakhali ake m'mawa mwake.

"Umuuze," anatero kwa Chisamba.

Chisamba anamuuza zonse, osachotsapo kanthu. Mzime anayang'ana chikwama chija, kenako anamwetulira. Manja ake anati sakuopa, chifukwa pa matabwa aja palibe amene amamuposa.

4. Chingwe ndi chikopa chofiira

M'mawa mwake Bambo anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anakodola Mzime, anamukhazika pa mpando, iwo n'kugwada pansi ndi kachingwe m'manja. Anamuyeza phazi kutalika kwake ndi kukula kwake, akumanga timfundo pa chingwecho. Mzime anaganiza kuti akumusewera, ndipo anaseka chifukwa zala zawo zinkamugirigisha.

Masiku otsatirawo, makasitomala ankadandaula kuti ntchito yawo ikuchedwa. Wosoka nsapato anali wotanganidwa ndi zina. Anali ndi chikopa chofiira chimene anachisunga kalekale, akuti chidikire munthu woyenera. Anachidula, anachisoka ndi ulusi wolimba, ndipo pansi pake anamatapo mphira wa tayala, wokhuthala ngati chikhatho, kuti nsapatozo zisathe msanga.

Chisamba anaziona tsiku lina popereka chakudya cha masana. Bambo anazibisa msanga pansi pa benchi ngati mwana amene wagwidwa ndi shuga, n'kumuuza kuti asaulule. Anati akufuna mwana wawo akaonekere pa nsanja ngati mwana wa munthu.

Apa ndiye panali poyenera kulankhula. Mawu a Aphunzitsi anamubwerera onse. Koma Bambo anali akumwetulira, chala chawo chimodzi chitamangidwa kansalu pamene singano inawalasa, ndipo Chisamba anangonena kuti n'zokongola.

Tsiku la chionetsero, banja lonse litavala, Bambo anatulutsa kaphukusi ka nyuzipepala n'kukaika pa miyendo ya Mzime. Mwanayo anamasula. Maso anatuluka. Anasisita chikopacho, ananunkhiza, anayang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba. Anavala msanga, ndipo zinamukwana ndendende.

Kenako anaimirira n'kuponda pansi kawiri. Anapondanso mwamphamvu. Chimwemwe chija chinayamba kuchoka pa nkhope yake.

Anatembenukira kwa mkulu wake, manja n'kuyamba kuyenda. Anayenda nthawi yaitali.

"Achemwali, muwauze Bambo kuti ndathokoza kwambiri. Muwauze kuti sindinakhalepo ndi chinthu chokongola chonchi. Ndiyenda nazo mpaka ku holo, anthu onse aone. Koma pa nsanja ndikavule, chifukwa ndikavala sindimva ng'oma. Ndikamaliza kuvina ndivalanso. Muwauze bwinobwino, asakhumudwe."

Bambo anadikira, manja ali kumbuyo, akuyang'ana Chisamba. Azakhali nawo anali tcheru pakhomo. Chisamba anaona chala chomangidwa chija. Anaona kuti aka kanali koyamba bambo ake kupangira Mzime kanthu ndi manja awo, ndipo anachita mantha kuti akamva mawu oti kuvula, adzabwerera m'mene analili kale.

"Akuti chiyani?" anafunsa Bambo.

"Akuti zikomo," anayankha Chisamba.

Bambo anaseka mokondwa. Anati amuuze kuti akakhala kutsogolo kwenikweni kuti akamuone bwino akuvina nazo.

Bodza limodzi linaitana linzake. Chisamba anatembenukira kwa mng'ono wake n'kumuuza kuti Bambo amva zonse koma akana, akuti asavule. Anawonjezera kuti asade nkhawa, azingoyang'ana iye ndipo amutsogolera.

Mzime anayang'ana bambo ake, amene anali akumwetulirabe. Sanamvetse kuti munthu angakane bwanji pempho lotere uku akuseka. Anawerama n'kumanga zingwe za nsapato.

5. Ng'oma itaduka

Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Anabwera amayi a kumsika, anamwino a kuchipatala, ngakhale madalaivala amene ankati angodutsa. Bambo anakhala kutsogolo, jekete la kutchalitchi atavala, Amayi mbali iyi, Azakhali mbali inayo.

Zinthu zinayamba bwino. Mnyamata wosaona anaimba nyimbo mpaka amayi ena anapukuta misozi. Atsikana awiri a pa njinga za olumala anazungulira nsanja mogwirizana, anthu n'kuomba m'manja mosakakamiza. Munthu wina kumbuyo anamveka akunena kuti sankadziwa kuti ana amenewa angathe zoterezi.

Ovina atalowa, anali atavala masiketi aatali ofika pansi. N'chifukwa chake Aphunzitsi, amene anali kale pa ng'oma, sanaone chimene chinali kumapazi kwa Mzime.

Gule woyamba anadutsa. Mzime ankaponya diso kwa mkulu wake n'kumatsatira, ndipo ngakhale ankachedwa pang'ono, ndi Aphunzitsi okha amene anakwinya nkhope. Chisamba anayamba kupuma, akuganiza kuti apulumuka.

Kenako unafika gule woima uja. Mzime anapita patsogolo, pa malo ake, anzake onse kumbuyo kwake. Panalibenso womuyang'ana. Kutsogolo kwake kunali nkhope za anthu zokhazokha, ndipo pansi pa mapazi ake panali zii.

Ng'oma inathamanga. Mzime anavina zimene ankakumbukira, ndi mphamvu zake zonse, thukuta lili kamukamu. Aphunzitsi anadula ng'oma. Ana onse anaima nji.

Mzime anapitiriza.

Anavina yekha mu holo ya chete, nsapato zofiira zikumveka phwa, phwa, phwa pa matabwa. Anazungulira, anadumpha, akumwetulira monga anaphunzitsidwira. Aphunzitsi anayambanso ng'oma msanga kuti amubise, koma nthawi imeneyo n'kuti Mzime ataganiza kuti yaduka, ndipo anaima chilili anzake akuvina.

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa anyamata a m'mawindo. Kunafalikira. Sikuti onse anaseka. Ena anawazazira osekawo, ndipo mayi wina anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja yekha. Koma mnyamata wina anakuwa mawu achipongwe amene anthu amatchulira osamva, ndipo mawuwo anafika kutsogolo kumene kunali Bambo.

Mzime kuseka sankakumva, koma ankakuona. Anaona mano, anaona mapewa akugwedezeka, anaona chala chikumuloza. Anatembenuka kufuna mkulu wake, n'kupeza kuti Chisamba waima kumbuyo, maso ali pansi.

Mwanayo anatsika pa nsanja mwakachetechete n'kutulukira khomo la kumbali. Bambo anaimirira, anavala chipewa, n'kumutsatira. Amayi ndi Azakhali nawonso ananyamuka.

6. Chikwama chidzaza

Chionetsero chitatha, Aphunzitsi anayesa kuthamangira banjalo, koma munthu wa ndodo ziwiri sangapyole khamu la anthu msanga. Anapeza Chisamba yekha kuseri kwa nsanja, atakhala pa bokosi la zovala.

Anamufunsa kuti anamuveka nsapato mwanayo ndani. Chisamba anati ndi Bambo amene anasoka. Anamufunsanso ngati Bambowo anauzidwa za matabwa. Chisamba anapukusa mutu, misozi ikutsika.

Aphunzitsi sanakalipe. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti adzapita kukaonana ndi bambo ake sabata ikayamba, mitima ikazizira. Za chikwama ndi za basi ya m'mawa sankazidziwa, ndipo Chisamba, amene akanatha kuwauza, anachita manyazi n'kusunganso zimenezo.

Kunyumba Chisamba anapeza Amayi akupinda zovala za Mzime, akulira mosatulutsa mawu. Bambo anali pakhonde. Anamuitana n'kumuuza kuti iwo ndi amene analakwa kulola zimenezi, kuti mlongo wawo ananena zoona, ndipo sadzalolanso mwana wawo kukhala choseketsa cha anthu. Anati anayesetsa kuti aoneke bwino, koma zimene sizingatheke sizingatheke.

Chisamba anafuna kuulula. Akanangonena kuti nsapato ndi zimene zalakwitsa, chikwama chikanamasulidwa. Koma kunena zimenezo kunali kuuza Bambo kuti mphatso yawo ndi imene yagwetsa mwana wawo, ndiponso kuti iye anawanamiza pamaso. Anayang'ana chala chomangidwa chija, n'kulowa m'nyumba.

Mzime anali atagona choyang'ana kukhoma. Mkulu wake atamugwira phewa, anatembenuka n'kumukumbatira mwamphamvu. Kenako manja ake anafunsa funso limodzi: chifukwa chiyani Bambo anakana?

Chisamba anayankha kuti sakudziwa.

7. Pa kabenchi

M'mawa banja lonse linaperekeza Azakhali ndi Mzime kokwerera basi. Mzime anayenda atavala mapatapata ake akale, nsapato zofiira atazinyamula m'manja. Atafika pa khonde la sitolo ya zitsulo, anapatuka, n'kuziika pa kabenchi ka bambo ake, moyandikana bwinobwino, monga amachitira makasitomala.

Basi inali itayamba kale kulira. Amayi anamukumbatira n'kumukonza kolala imene inali yokonzeka kale. Bambo anatambasula dzanja kuti atsanzikane naye. Mzime analiyang'ana dzanjalo, anayang'ana kumbali, n'kukwera.

Dzanja la Bambo linakhala m'malere kanthawi, kenako linalowa m'thumba.

Atakhala pa windo, Mzime anafunafuna mkulu wake ndi maso. Atamupeza, anakweza manja kuseri kwa galasi.

"Achemwali, musalire. Inu nokha ndi amene mumandimva."

Basi inanyamuka. Chisamba anaima pomwepo mpaka fumbi linakhazikika, ndipo mawu amenewo anamulasa mtima kuposa kuseka konse kwa mu holo. Amayi anabwerera kunyumba okha, atafunda nsalu kumutu.

Bambo anapita pa benchi pawo. Anatulutsa nyundo, singano ndi ulusi, n'kuziyala monga mwa masiku onse, koma sanagwire ntchito. Ananyamula nsapato imodzi yofiira, anaitembenuza, anaiyang'ana pansi pake. Mphira uja unali usanadyeke n'komwe. Munthu wina anabwera ndi nsapato yothyoka chidendene, iwo n'kumuuza kuti abwere mawa.

Chisamba anafuna kudutsa mwakachetechete, koma Bambo anamuitana.

"Pa windo paja mng'ono wako wanena chiyani?"

"Akuti ndisalire."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika nsapato ija pansi, n'kusuntha kampando kamene amakhalira makasitomala.

"Ine manja aja sindiwamva," anatero. "Koma maso ndili nawo, ndipo ntchito yanga ndi yoyeza zinthu. Dzulo nditamupatsa nsapatozi, manja ake anayenda nthawi yaitali. Analoza kumapazi, analoza pansi, anagwira pachifuwa, anandilozanso ine. Iwe unandipatsa liwu limodzi lokha. Usiku wonse ndakhala ndikuyeza liwu limenelo ndi manja aja, ndipo sizikukwanirana."

Chisamba anagwira mzati wa khonde.

"Lero mwana wanga wakana dzanja langa," anapitiriza Bambo. "Khala pansi, Chisamba. Undiuze zonse zimene ananena, kuyambira poyamba. Ndipo uzinena ndi manja omwe, pang'onopang'ono, kuti ndizione."

Chisamba anakhala pa kampandoko. Anapukuta misozi ndi mkono, anayang'ana msewu umene basi inalowera, n'kukweza manja ake onse awiri.